Mbendera ya Lachisanu

Sukulu imene ndinkaphunzitsako, kuseri kwa Kabudula, inatchuka ndi ana osamva. Ndewu inali ya tsiku ndi tsiku, kutukwana osanena, ndipo chitsulo chikalira ana ankabwera mwakachetechete ngati akupita kukapepesa maliro a munthu wosamudziwa. Chikwapu chinali chitaletsedwa, ndiye chilango chathu chinali kukumbitsa maenje. Tinakumbitsa mpaka kuseri kwa zimbudzi kunasowa poponda, koma khalidwe osasintha.

Kenako kunabwera a hedi atsopano, bambo wofatsa wosakweza mawu. Pamsonkhano woyamba wa aphunzitsi anati, "Anzanga, kulanga tatopa nako. Tiyeni tiyeseko kuyamikira." Anatulutsa nsalu yobiriwira yosokerera kunsungwi. Kalasi imene yatha sabata popanda ndewu, yosesa pakhomo, yopanda wofika chitsulo chitalira, izilandira mbenderayo Lachisanu pa asembule. Sabata yotsatira, kalasi imeneyo iziyamba kulandira phala, zinazo zizitsatira monga mwa khalidwe lawo.

Ine ndinaseka chamumtima. Kansanza pamtengo kangawongole ana amene alephereka ndi khasu? Koma a hedi ankaidziwa mimba ya mwana. Phala la pasukulu ankaphika amayi a m'midzi mosinthana. Oyamba ankalandira lotentha, lolimba, kapu yodzaza. Omaliza ankapeza amayi atathira kale madzi kuti likwane, ndipo masiku ena ankangomva chipande chikukokota pansi pa mphika. Miyezi ya njala, chimanga chisanache, ana ambiri phala limenelo ndilo linkawafikitsa madzulo.

Zinathekadi, ndisaname. Teremu isanathe sukulu inasintha. Ana ankatola zinyalala osatumidwa. Awiri akangoyamba kukokana makolala, anzawo ankawaleretsa ife tisanadzuke pampando. Makolo anayamba kutipatsa moni mwaulemu pamsika, ndipo aphunzitsi a sukulu zina ankabwera panjinga kudzaonera. Ana athu omwe aja, oti ankatigenda ndi masuku, tsopano kumagwada potipatsa choko!

Kalasi yanga inali Sitandade 6, ana abwino ndithu, koma mbendera sinkafika pakhomo pathu. Chifukwa chake chinali mtsikana mmodzi. Makolo ake anali matenanti ochokera ku Phalombe, okhala pa esiteti ya fodya kutsidya kwa dambo. Nyengo yothyola fodya banja lonse limalowa m'munda kusanache, mame akadali pamasamba, ndipo iye ankathyola kaye mizere yake asanathamangire kusukulu. Ankafika thukuta lili kamukamu, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, kapu yake yapulasitiki atamangirira m'chiuno ndi kachingwe. Masiku ena fodyayo ankamuzunguza mutu mpaka kusanza. Koma masamu! Ndisanamalize kulemba funso pabolodi, dzanja lakudalo linali kale m'mwamba. Ndinkamukonda mwana ameneyo, ndipo ndinkamuona akufika kusekondale.

Owerenga ochedwa anali mapulifekiti. Ankaima pansi pa mtengo wopachikapo chitsulo n'kumaona amene akulowa chitalira. Wochedwa ankaoneka, koma wojomba sankaoneka, ndipo palibe mmodzi wa ife akuluakulu amene anaiganizira mfundo imeneyo.

Lachisanu lina a hedi anati, "Sitandade 6 yaphonyanso chifukwa cha munthu mmodzi." Dzina sanatchule, anali munthu waulemu. Koma mitu yonse ya kalasi yanga inatembenukira kumodzi. Ndinamva wina kumbuyo akunong'ona kuti nsomba ikawola imodzi, zonse zawola.

Tsiku lomwelo ndinalowa mu ofesi mtima uli m'mwamba. "A hedi, mwana uja sachedwera masewera. Amachokera kumunda. Tisamamuwerengere."

"Ndikumva, madamu," anatero. "Koma tikamukhululukira iyeyu, mawa mwana aliyense akhala tenanti. Lamulo likayamba kuyang'ana nkhope, latha ntchito. Kodi mukufuna tibwerere kumaenje?"

Sindinkafuna kubwerera kumaenje. Ndinatuluka ndikung'ung'udza.

Sabata yotsatira mtsikanayo sanaoneke. Ndinaganiza kuti fodya wachuluka kapena malungo amugwira. Lachisanu mbendera inabwera kwathu koyamba. Ana anavina fumbi kobo, ndipo Lolemba anatuluka oyamba ndi makapu awo, kubwerako milomo ili noninoni.

Amene anandiuza anali mayi wina wophika phala, yemwe ankadutsa kudambo ndi nkhuni. "Madamu, kamtsikana kanu ka kuesiteti kaja kamaswera pachulu kudamboku, kali muyunifolomu. Simukudziwa eti?"

Ndinasiyira ana ntchito n'kuuyamba wa kudambo. Ndinamupeza atakhala mumthunzi wa chulu, tsidya lina la ulalo, makope ali mujumbo pamiyendo, kapu ili m'chiuno youma. Atandiona anagwada.

"Iwe, ukutani kuno?"

"Chitsulo chinalira ndisanawoloke, madamu."

"Ndiye?"

"Anzanga anandipempha kuti chikandipeza kuno ndisamawoloke."

"Nanga kunyumba osabwerera bwanji?"

"Amayi akudziwa kuti ndili kusukulu. Ndimadikira anzanga aweruke."

Mkwiyo umene unandigwira sindinaumvepo. Ndinamugwira dzanja n'kumuwolotsa, kudutsa naye pakati pa bwalo dzuwa lili pamutu. Mapulifekiti anationa, ndipo anagwira ntchito yawo monga tinawaphunzitsira.

M'kalasi ndinaitana monitala. Anali mtsikana wamkulupo, wamasiye, waulemu kuposa onse, amene sanandiyankhepo mwano. Ndinamukalipira mpaka mawu kundithera. Iye anadikira ndimalize, maso ali pansi, kenako anati, "Pepani madamu, sitinamumenye. Sitinamutukwanenso. Tinachita kumugwadira. A hedi anati tizithandizana kusunga khalidwe."

Ndewu panalibe, mwano panalibe. Chilichonse chimene tinawaphunzitsa anachitsata.

Masiku otsala a sabata imeneyo ndinkakamudikira ndekha paulalo n'kumulowetsa, ndipo tsiku lililonse ankawerengedwa. Ndinabwereranso kwa a hedi, ulendo uno ndikukuwa ndithu. Anandimvetsera mofatsa, anavomera kuti nkhaniyo ndi yomvetsa chisoni, n'kulonjeza kuti tidzaikambirana pamsonkhano wotsekera teremu. Lachisanu mbendera inapita ku Sitandade 4, ife tinagwera kumapeto kwenikweni.

Inali Febuluwale, mvula ikugwa osapumira, m'nkhokwe muli mbee. Lolemba lotsatira ufa unachepa, ndipo pofika nthawi yathu amayi anangopendeketsa mphika kutionetsa pansi pake. Ana anga anabwerera m'kalasi ndi makapu ouma n'kukhala pansi. Palibe amene anamuyang'ana mtsikana uja. Anangosendera pang'onopang'ono mpaka iye anatsala yekha pakati pa simenti. Monitala anabisa nkhope m'mikono, mapewa akugwedezeka. Ndinkadziwa kuti kwawo sanadye dzulo lake. Ndikanakwiyira yani? Onsewo anali ana, onsewo anali ndi njala.

Mtsikanayo anakweza dzanja n'kupempha kupita panja. Ndinamuloleza. Sanabwerenso, ndipo m'mawa mwake paulalo panalibe munthu, pachulu panalibenso munthu.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, kutiuza kuti timusamale akadalipo poti sakhalitsa. Pasukulu pathu palibe amene anafunsa za mtsikana uja. Sabata zinapita, mbendera inabwerera pakhomo la Sitandade 6 n'kukhazikika. A hedi ananditchula pa asembule kuti ndine chitsanzo cha mphunzitsi wosunga kalasi, sukulu yonse n'kundiwombera m'manja.

Loweruka lina ndinabwereka njinga n'kupita kuesiteti. Ndinawapeza m'chigafa, iye ndi amayi ake, akusoka fodya. Amayiwo anandiyalira thumba, tinalonjerana, ndipo ndinanena chimene ndabwerera.

"Aphunzitsi, ife sitinamuletse," anatero osasiya kusoka. "Wanena yekha kuti sukulu basi. Ndiye poti manja akusowa kuno, tingatani? Fodya akagulitsidwa mwina tibwerera kumudzi, mwina tipita esiteti ina. Zikatero tidzaona."

Ndinatembenukira kwa mwanayo. Ndinamuuza kuti malo ake alipo, kuti mayeso ayandikira, kuti mutu ngati wake sungathere m'chigafa. Ndinamulonjeza kuti ndilimbana nawo a hedi mpaka lamulo lisinthe. Ankangoti "inde madamu", singano ikulowa ndi kutuluka m'mitsitsi ya masamba. Yunifolomu ija anali ataivala, koma tsopano inali yogwirira ntchito, yakuda pamimba ponse ndi utomoni. Kapu yake ndinaiona pambali, azing'ono ake akumwera madzi.

Fodya atagulitsidwa banjalo linasamukadi, ndipo sindinamvenso za iye. Lamulo linasintha chaka chotsatira, ana a kuesiteti anapatsidwa nthawi yawo yofikira, ndipo sukuluyo mpaka lero imatchuka ndi khalidwe. Koma chimene sichindichoka ndi pamene ndinkatsanzika kuchigafa tsiku lija. Mwanayo anandiperekeza mpaka panjinga, n'kundigwirira chiwongolero kuti ndimange bwino chitenje. Kenako anafunsa motsitsa mawu, amayi ake asamve.

"Madamu, kodi mbendera tinaitenganso?"

Ndinati inde, tinaitenga.

Nkhope yake inawala, kumwetulira kwenikweni. "Bola," anatero. "Ndiye akumadya oyamba eti?"