Chaka Chimene Amalume Anandiphunzitsa Masamu

Chinali chitseko chakale cha khitchini. Amalume anachipaka penti yakuda n'kuchitsamiritsa ku mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba yathu ku Chifunga. Choko anabwera nacho okha, mabokosi awiri.

Anafika chimanga chikuuma m'munda, ine ndili Sitandade 8, mayeso atayandikira. Anali achimwene a amayi, ndipo ankaphunzitsa masamu ku yunivesite. Anapatsidwa tchuthi kuti amalize kafukufuku wawo. Amayi anaona mwayi. Pa tsiku lachitatu ananditulutsa m'kalasi ya masana imene aphunzitsi ankatikonzekeretsa mayeso. "Mwini masamu ali pakhomo pano," anatero, "ukatani kumeneko?"

Ndinkafuna malo ku sekondale, basi. Tsiku loyamba ndinawatengera funso la thanki yodzazidwa ndi mipope iwiri. Analiyang'ana pang'ono, nati ndi losavuta, n'kulifufuta ndi mkono wa malaya. Yankho lake sanandiuze.

M'malo mwake anajambula mizere iwiri yopingasana. Anati nambala sizifola pamzere umodzi ngati ana pa asembule, zili ndi bwalo lonse lokhalamo. Anati ilipo nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe, yankho limatsika kunsi kwa ziro. Ndinkalemba zonse m'kope, fumbi la choko likundiyetsemulitsa. Madzulo ena tinazungulira munda wa amayi m'malire mwake, osalowamo. "Masamu anga ndi amenewa, mwanawe," anatero. "Ukadziwa za m'malire, za m'kati wazidziwa kale." Ine ndinkangochotsa chisoso chimene chinamata pa diresi langa.

Lero ndikudziwa kuti sankanama. Nthambi ya masamu imeneyi ilipodi, ndipo pali anthu amene amaigwirira ntchito moyo wawo wonse. Koma amalume anali asanaphunzitsepo mwana wa zaka khumi ndi zitatu, ndipo ntchito yawo ya zaka zinayi inali itawakanika. M'mawa ndinkawapeza atalemba chitseko chonse, masana atachifufuta chonse.

Pa mayeso oyeserera, funso la mipope linabweradi. Ndinajambula bwalo lozungulira ndi kamuvi pambali. Aphunzitsi anakweza pepala langa m'mwamba. "Kodi iwe, tafunsa dzira?" Kalasi yonse inaseka. Loweruka aphunzitsiwo anabwera kwathu pa njinga, chipewa chili m'manja, n'kupempha amayi kuti andibweze ku kalasi ya masana. Amayi anawapatsa mpando ndi thobwa, koma pempho lawolo analikana. Kundibweza kukanakhala kulengeza m'mudzi kuti achimwene awo, amene banja lonse linavutikira kuwaphunzitsa, agonja kwa mphunzitsi wa pulayimale. Amalume anali kuseri nthawi yonseyo. Tinkamva choko chikulira.

Ndinasokonezeka. Aphunzitsi ankati yankho ndi limodzi, amalume ankati funso ndilo laling'ono. Onse ankavala tayi, onse ankalankhula motsimikiza.

Zotsatira zinatuluka amalume atabwerera kale kuntchito. Dzina langa panalibe pa osankhidwa, ndinayenera kubwereza kalasi. Amayi ankauza anzawo kutchalitchi kuti mwana anaphunzira za patsogolo kwambiri.

Patapita sabata, amalume anaimba pa foni ya amayi n'kupempha kuti alankhule nane. Ndinaika foniyo pakhutu. Iwo anati, "Walephera si iwe, mwanawe. Ndalephera ndine."

Ndinabweza foni, n'kufunsa amayi ngati amalume nawonso analemba mayeso athu.