Tsiku Limene Ndinameta Hatchi Mbali Imodzi

Pakamwa pangapa ndi pamene pamandiika m'mavuto. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba panyumba ina kufupi ndi Blanchardstown ku Ireland kuno, ndipo pa onse amene ndinkawasambitsa panali madala ena achiairishi, aatali, owuma ngati nsungwi, amene sankalola munthu wina kuwameta ndevu koma ine. Sikuti ndikudzitama ayi. Ndisanabwere kuno ndinali ndi babashopu ku Ndirande, dzanja langali limaudziwa mutu wa munthu.

Madalawa anali ndi hatchi yawo, nayonso yokalamba, imene inatsala m'khola lina kunja kwa tauni. Kuno kukayamba kuzizira hatchi imamera ubweya wambiri, ndiye eni ake amaimeta kuti isamanyowe ndi thukuta n'kudwala, kenako n'kuifunditsa bulangete. Iwo ankaimeta okha chaka ndi chaka mpaka pamene anafa ziwalo mbali yamanja. Chaka chimenecho adokotala anawalola kukaiona Lamlungu lina, 2 koloko masana, ndipo tonse tinkadziwa, ngakhale panalibe wonena, kuti ulendo wachiwiri sudzakhalapo. Madala anapempha chinthu chimodzi basi: akaipeze yometedwa bwino, osati ili nyankhalala ngati yopanda mwini.

Mwana wawo wamkazi, mayi wamkulu ndithu, anadandaula nkhaniyi ine ndikuwameta bambo akewo. Kukholako kulibe magetsi. Jenereta inafa kalekale, ndipo wometa mahatchi wa m'deralo anali atadzaza mwezi wonse.

"Kulibe magetsi?" ndinatero, ndikuseka. "Mayi, mukuyankhula ndi Mmalawitu. Kwathu magetsi amabwera ngati mlendo. Ine ndameta mitu yosawerengeka ndi batire ya galimoto ndi inveta, kabokosi kosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa pakhoma. Ingondisiyirani."

"Koma hatchi munametapo?"

"Ubweya ndi ubweya basi."

Nditafotokoza kunyumba, akazi anga anaseka mpaka anakhala pansi. "Abambo, inu amene mumawoloka msewu mukaona kagalu ka aneba, lero hatchi?" Ndinawauza kuti nsanje si yabwino.

Lamlungulo ndinafika 9 koloko, kamvula kakuwaza monga mwa masiku onse. Mayi aja anali ataisambitsa hatchiyo dzulo lake. Anaimangirira, anandipatsa mashini ometera olemera ngati njerwa, anandionetsa pomayambira, n'kunyamuka kukakonzekeretsa bambo awo. Ndinatsala ndekha ndi chinyama chachitali kuposa ine, chikundiyang'ana ndi diso limodzi.

Apa ndi pamene ndinachita uchitsiru wanga. Ndinatsegula boneti ya galimoto yanga, ndinamasula batire, ndinainyamula ndikubuula mpaka m'khola, n'kuiika pansi pa benchi. Mundimvetse. Batire ya babashopu siidziwa galimoto. Malo ake ndi pansi pa benchi, ndipo ikatha timaimangirira panjinga kukatchajitsa. Zoti ikhoza kukhala m'galimoto momwemo, injini n'kumalira, iyo n'kumadzitchaja yokha, sizinandidutse m'mutu ngakhale pang'ono.

Mashini analira, hatchi inangogwedeza khutu, mtima wanga unakhala pansi. "Bwana, tingoyepula kapena mpala?" ndinaifunsa. Sinayankhe, koma makasitomala ena amatero. Ndinayamba mbali yakumanzere, ubweya ukugwa ngati ndikusenga udzu, ine ndikuicheza nkhani za mpira ndi za ndale zakwathu. Wometa wosacheza si wometa. Ndinadekha nayo ntchito, m'mphepete monse ndikuwongola mzere, kubwerera m'mbuyo, kupendeka mutu, kukonzanso. Mbali imeneyo inatuluka yosalala moti ndinaijambula pafoni.

Ndikuzungulira kuti ndiyambe mbali inayo, inveta inayamba kulira tswii, tswii. Mashini anafooka, anatafuna ubweya pang'ono, basi zii. Chimashini cha hatchi chimadya moto, abale, sichili ngati ka kubabashopu.

Nthawi inali itadutsa 12 koloko. Ndinabwezera batire m'galimoto, kutembenuza kiyi, galimoto inangotsokomola kamodzi n'kukhala chete. Ndinaimbira mayi aja, foni osayankha. Ndinayesa kuikankha ndekha kuti ilire, ndinaterereka m'matope n'kugwa chagada. Ndinaitukwana galimotoyo m'Chichewa chenicheni, chimene sindingalembe pano.

Nditabwerera m'khola ndinati, chabwino, mbali yomwe yathayi ndiimalize mwaulemu. Kwathu ukameta munthu umamupaka sipiliti, ndipo kabotolo ndinali nditatenga. Nditangoikhudza ndi thonje lozizira lija, hatchi inalumpha, inamenya ndowa mpaka kudenga, potsika n'kuponda phazi langa.

"Iwe! Ndakulakwira chiyani? Anthu amachita kupempha sipiliti ameneyu!"

Inangondipumira kumaso.

Ndinakhala pabenchi, nditagwira phazi, mantha enieni atandigwira tsopano. Za ntchito yanga sindinkaganiza n'komwe. Ndinkaganiza za madala aja, kubwera ulendo wonsewo pawilitcheya kudzapeza mnzawo ali ngati wathawa m'manja mwa wometa. Kubabashopu moto ukatha munthu ali pakati, timamubwereka chipewa. Bulangete likanagwira ntchito imeneyo, koma madalawo ankabwera kudzaona kametedwe komweko. Ndiye ndinaikankha hatchiyo pang'onopang'ono mpaka mbali yaubweya inatsamira khoma, ine n'kuima kumchira ngati mlonda.

Anafika 2 koloko yeniyeni. Mayi aja anakankha wilitcheya mpaka pafupi. Madala anatambasula dzanja lamanzere, anasisita khosi, anatsika mpaka kunthiti, akugwedeza mutu. "Ntchito yabwino," anatero. Ndinayamba kupuma.

Kenako analiza lilime kawiri, momwe ankaiitanira kale. Hatchi ija, chitsiru chopanda chinsinsi, inatembenuka thupi lonse kuti iwanunkhize m'matumba. Mbali yaubweya inaima pamaso pawo penipeni, ili nyankhalala, ndi kachigamba kamodzi kotafunidwa paphewa.

Mayi aja anayang'ana hatchi, anayang'ana matope kumsana kwanga. Ndinawanong'oneza zomwe zinachitika. "Bwanji simunangoisiya batireyo m'galimoto, injini n'kumalira?" anandifunsa chapansipansi. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Madala analowetsa zala zawo muubweya uja. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mbali iyi mwandisiyira ine?"

Ndine munthu wopemphera, koma bodza limenelo ndinalinena osaphethira. "Eya, madala. Ndinaona kuti si bwino ndimalize ndekha eni ake alipo."

Mayi aja anatuluka, anabweretsa galimoto yawo pakhomo pa khola, anasiya injini ikulira, ine n'kulumikiza inveta. Ndinaika mashini m'dzanja lamanzere la madala aja, langa n'kuchirikiza pansi pake. Ankanjenjemera, mizere ikupita uku ndi uku, koma pakamwa pokha panali pamphamvu. "Mukukankha kwambiri! Tsatani thupi lake! Anakuphunzitsani ndani inu?" Hatchi imene inandiponda ija inaima osagwedezeka, mlomo uli lende. Mwana wawo anatembenukira kukhoma, ndipo inenso m'maso munandiyabwa. Ndinanamizira ubweya.

Anameta pamene dzanja lawo linkafika ali pawilitcheya, kuchokera paphewa mpaka pamimba, kenako anati atopa. Kumtunda ndinamaliza ine. Atawakweza m'galimoto ndinatenganso mashini kuti ndiwongole mizere yawo yokhotakhota ija, poti mtima wa wometa sulola zoterozo. Mayi aja anandigwira mkono.

"Pamenepo musakhudzepo," anatero.

Ndinazimitsa mashini, tinaifunditsa bulangete.