Sikelo ya Fodya ndi Ndege Yathu

Alamu, lero ndaona sikelo ya mabelo pa Nkhamenya, ndipo ndaseka ndekha mpaka misozi. Ndakumbuka Kalabu ya Ndege imene munayambitsa ndi ife anzanu a ku fakitale ya fodya. Tinapanga ndege ya nsungwi, ziguduli ndi injini ya njinga yamoto. Kalabuyo inalibe bwana, ngakhale tinkakutchani Atcheya, zonse tinkachita kuvota. Tinagwirizana kuti woyendetsa akhale amene apepuke kuposa onse pa sikelo ya fodya. Inu, ndi mimba yanu ija, munaufunitsitsa mpandowo. Munayamba kusala kudya, mlongo wanga n'kumayesa kuti mwalowa mpingo wina.

Tsiku loyeza munavula jekete, nsapato, ndi wotchi yomwe. Woyeza anapukusa mutu n'kunena kuti, "Atcheya, mukanakhala belo bwenzi tikukugawani pawiri." Koma titakwera ife, aliyense anakuposani kulemera. Tinali titadzaza miyala m'matumba, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa chokukondani. Munaona mabuluku athu akulendewera, koma munangoyang'ana kumwamba. Mpando uja unakhala wanu. Ndege ija inathamanga m'dambo la ku Lisasadzi, inagunda chulu, n'kudumpha ngati mbuzi, kenako inagwera m'chimanga cha eni ake. Munatuluka ngayaye zili m'mutu, mukufunsa kuti, "Mwaona? Kasungu yense ndamuonera pamwamba." Kalabu ikadalipo, alamu, ngakhale tatsala ochepa. Chaka chilichonse timavotanso za tsiku lija, ndipo palibe amene anatsutsapo. Munauluka.