Khosi la mwana ndi manja a bambo ake

Tinkakhala pakampu ya masikauti oteteza nyama ku Malama, gemu, nkhalango ya nyamazo, ili tsidya la mtsinje wa Luangwa. Mwamuna wanga ankatchuka ndi kuwongola makosi. Anzake akabwera kuthengo makosi atauma chifukwa chogona motsamira mfuti, iye ankagwira chibwano ndi nkhongo n'kupotokola kamodzi, munthu n'kudzuka akuseka. Ankanyada nazo ngati anazipitira kusukulu.

Chaka china mwana wathu wamkazi, wa giredi wani, anadwala zilonda zakukhosi. Thupi litasiya kutentha tinati wachira. Koma tsiku lina anadzuka mutu utapendekera paphewa. Ankangokhala duu pakhonde, khutu limodzi kumwamba, ngati akumvetsera munthu amene ife sitinkamumva. Ukamuitana ankatembenuka thupi lonse. Akazi anzanga anasiya kudutsa pakhomo pathu, ati mwanayo akuitanidwa ndi mizimu ya kumanda amene anatsala m'gemu anthu atasamutsidwa. Ine ndine wopemphera, koma ndinkaopa mwana wanga yemwe.

Bambo ake atabwera kuthengo anaseka. "Kakhosi chabe aka? Wani miniti."

Anamukhazika pampando dzuwa lili paliwombo, nyenje zikulira m'mitengo ya tsanya. Anagwira chibwano. Atangoyamba kupotokola pang'ono, mwana analankhula modekha, osalira n'komwe.

"Amama, manja anga apita kuti?"

Manjawo anali pamiyendo pake, ine ndikuwaona. Ndinawatsina, iye osamva.

Mwamuna wanga anauma pomwepo, mutu wa mwana uli m'manja, kupitiriza osatheka, kusiya osatheka. Tinazula chitseko n'kumugonekapo, zitenje zopindapinda uku ndi uku kwa mutu. Galimoto ya gemu inatifikitsa ku Mfuwe, kenako ku Chipata.

Kumeneko dokotala anatiuza kuti matenda akukhosi aja anafewetsa mitsempha yomanga mafupa awiri apamwamba, pansi penipeni pa chigaza, ndipo fupa limodzi linaterereka. "Mukanamaliza kupotokola, akanasiya kupuma," anatero. Anamugoneka chagada masabata angapo, mutu ukukokedwa pang'onopang'ono, kenako anamuveka chomangira khosi. Manja anabwerera, chala chimodzichimodzi.

Lero ndi mayi wa ana ake, amasenza ndowa bwinobwino. Koma bambo ake sanagwirenso khosi la munthu, ngakhale nkhuku ndinkapha ndine. Mpaka tsiku lawo lomwalira, mwanayo akabwera kudzawagwadira kuti "Mwaswera bwanji, atate?", ankayankha manja atabisa kumbuyo.