Justina Anabisa Matenda Chifukwa cha Umboni

Pa 9 Meyi 2023, Justina Tembo wa ku Chawama anakomoka pamsika akugulitsa salaula, zovala za kaunjika. Mwezi wa Epulo anali atamuchita opaleshoni yochotsa mwala m'njira ya ndulu.

Matendawo sanayambe tsiku limenelo. Lamlungu la pa 30 Epulo, Justina anaimirira kutsogolo m'tchalitchi n'kuchitira umboni kuti wachira, amayi akuimba nthungululu. Lachinayi lake thupi linayamba kutentha. Ankanjenjemera dzuwa lili pamutu. Anamwa mankhwala a malungo mobisa, koma sanaphule kanthu.

Mng'ono wake, Belinda, ndiye anazindikira.

"Ba sisi, menso yanu yachita yelo futi. Tiyeni kuchipatala."

"Iwe, ninakamba pamenso pa banthu ati napola. Bazakamba ati nenze kunama."

"Bakambe! Mufuna bakaimbe pa malilo yanu?"

Justina anakanabe, mpaka anagwa pamsika paja.

Kuchipatala anamuyeza malungo, sanawapeze. Anatenga magazi kukawaunika, ndipo anapezamo bakiteriya wosowa kwambiri, amene anachoka m'njira ya ndulu n'kulowa m'magazi. Dokotala anati iyenso anali asanakumanepo naye.

Mankhwala oyamba anakanika. Justina ankangoyang'ana diripi ikudontha, akuopa kutseka maso. Bedi la pafupi naye litatsala lopanda munthu, sanafunse kumene mwini wake wapita. Mitsempha ya m'manja itasiya kuoneka, singano anaibaya pakhosi. Analira, koma sanakane jakisoni ngakhale mmodzi.

Mankhwala achiwiri anagwira. Pa 2 Juni anatuluka, akuyenda mogwira khoma. Mu Ogasiti anatsegulanso belo la salaula.

Justina atabwerera kutchalitchi, mayi wina anamunong'oneza kuti chikhulupiriro chake chinali chochepa. Justina anayankha mofatsa: "Mulungu ananipeza ku wodi, ba mayo. Ngakhale kumeneko aliko."

Inu amene munachitidwa opaleshoni, thupi likatentha kapena maso akachita chikasu, musadikire. Kubwerera kuchipatala si manyazi. Mankhwala oyamba akakanika, musataye mtima, pitirizani.

Justina amagulitsabe pamsika, koma nkhani yake sinathe. Njira yake ya ndulu inatsala yopanikizika ndi chipsera, ndipo amakayezedwa magazi kawirikawiri. Madokotala sananenebe ngati bakiteriyayo sadzabweranso.