Zitini zitatu ndi madzi a chidede

Usiku watha ndinalota zoopsa, amayi anzanga. Koma kuti mumve bwino ndiyambe ndi za dzana. Chisomo, mwana wanga wamkulu wa Folomu 3 uja, anabwera kusukulu ndi matama ake a sayansi. Anaviika chidede m'madzi mpaka anafiira, n'kugawa m'makapu atatu. Ati amayi onani, zoyerazi zimafanana pamaso pokha, zikalowa m'madzi chilichonse chili ndi khalidwe lake. M'kapu yoyamba anathira mchere, madzi anangokhala mmene analili. Mu ina anathira soda wa therere, madzi anachita thovu n'kubiriwira ngati ndulu. Mu yomaliza anathira feteleza wa salufeti, woyera ngati shuga uja, amene bambo ake anatsala naye kudimba. Madzi anakhalabe ofiira, kungowala pang'ono chabe. Ati soda ndi m'bale wake wa chidulo, salufeti amapendekera ku zowawasa, mchere uli pakati sulowerera. Ine ndinangomuuza kuti atsuke makapu anga, wandithera chidede.

Ndiye kutuloko ndinali m'khitchini mwanga momwemu, koma denga kunalibe. Tadala, wanga wa zaka zitatu uja, anali kumsana, thupi lili lende, akutsegula m'mimba. Ndinadziwa kuti ndikapanda kumumwetsa msanga madzi a shuga ndi mchere, mwana apita. Shuga anali kale m'kapu, chotsala chinali mchere basi. Kuyang'ana pashelefu, zitini zitatu zofanana, zonse zodzaza ndi zoyera mbee. Ndinayesa kulawa, koma lilime silinkamva kanthu.

Kenako ndinakumbukira chidede. Nditatuluka panja, bwalo lonse linali dimba, ndipo matimati a bambo a Chisomo anali atabereka chidede. Ndinathyola chodzaza m'manja. Ndiye ndinangopezeka ndili pamjigo, mzere wa azimayi wautali, aliyense kapu m'manja, onse atamanga mipango ngati opita kumaliro. Ndinafunsa kuti kodi zovuta zagwa kwa ndani. Onse anangoyang'ana kumsana kwangaku. Mayo ine, ndinatunga n'kuthawa.

Kenako ndinali m'khitchini muja kachiwiri, makapu atatu a chidede ali pansi. Ndinatapa m'chitini choyamba. Thovu lobiriwira linakwera, n'kusefukira, n'kufika m'akakolo, loterera ngati sopo. Ndinati uyu ndi soda, choka. Ndinatapa chachiwiri, madzi ofiira. Chachitatu, ofiiranso. Abale inu! Uku kufiira, uku kufiira, ndidziwa bwanji mchere, ndidziwa bwanji feteleza? Ndinanyamula makapu awiriwo kuti ndione owala kwambiri, koma dzuwa linkazima ngati koloboyi wotha parafini.

Ndinakuwa kuitana Chisomo. Anali pazenera atavala yunifolomu, koma zeneralo linali kutali, kutsidya la mtsinje. Pakamwa pake pankayenda, mawu osamveka. Ndiye bambo ake analowa ndi keni, akuthirira simenti ya m'khitchini bwinobwino ngati bedi la matimati. Anayang'ana mwana kumsanaku n'kunena kuti, "Mayi a Chisomo, thirani msanga, mbewu ikufota." Anapitiriza kuthirira n'kutulukira pakhoma.

Mpweya wa Tadala pakhosi pangapa unkachepa. Ndinamumva akuti, "Amama, madzi." Basi ndinangosankha chitini cha kumanzere, kutsina pang'ono, kutakasa, n'kumutsitsa mwana. Atayasamula, ndinaona timasamba ta matimati tikumera palilime pake. Pomwepo mawu a Chisomo anafika, amphamvu: "Amayi, si umenewo!" Koma dzanja langa linakana kuima, supuni inkangopitabe kukamwa kwa mwana, ine ndikulira, ndikuligwira ndi dzanja linalo.

Ndinadzidzimuka ndikukuwa, thukuta thupi lonse. Ndinamufufuza Tadala, anali m'tulo take, thupi lozizira bwino.

Kutacha ndinathamangira kukhitchini. Salufeti uja bambo a Chisomo anamuthira m'chitini cha majarini n'kumuika pashelefu yam'munsi, pafupi ndi shuga, ati kudimba akuba achuluka. Ndinapeza chitinicho chili chovundukula, ndipo m'katimo muli kasupuni kaphala ka Tadala. Mukumudziwa mwana uja ndi shuga, kuba kwake sasiya. Ndinamugwira mapewa n'kumufunsa kuti wadya izi? Iye anaseka, ati, "Shuga wa adadi sakoma, ndinalavula."

Pano ndikulemba ndili pabenchi kuchipatala, pamzere wa azimayi, mwana ali kumsana akuimba nyimbo zake. Akuoneka wabwinobwino, koma ine mantha sanandichoke, ndikufuna adokotala amuone ndithu. Bambo ake ndawasiya akukumba pokwirira chitini chija, sanalawe ndi tiyi yemwe.

Ndiye inu odziwa maloto ndimasulireni. Kodi ndi sayansi ya Chisomo inangondizungulira m'mutu, kapena ndimachenjezedwa? Nanga azimayi a pamjigo aja, bwanji onse ankayang'ana kumsana kwanga?