Botolo Losatsegula

Pa mzere wathu wa mashopu, chitseko changa chimayang'anizana ndi cha mayi wina amene tonse timangowatchula kuti aNasimbi. Ine ndimapanga fotokope ndi kubwereketsa makompyuta awiri okalamba, iwo amasita zovala za anthu. M'kachipinda kawo muli tebulo loyalidwa bulangete lopserera m'mbali, waya wopachikapo malaya, ndi mpando umodzi. Wachiwiri ngwachiyani? Munthu amangosiya thumba la zovala, n'kunena tsiku lodzatenga, ulendo.

Sanakwatiwepo. Makolo atamwalira anatsala ndi mlongo wawo wamng'ono, ndipo amuna odzafunsira ankabwerera pakhomo akamva kuti mkaziyo abwera ndi mlamu wodya ngati chigayo. Mlongoyo ndi uja wothamanga mipikisano ya mitunda italiitali, amene manyuzipepala amamutcha Kamphepo. Anapita kunja kalekale. Poyamba ankaimba foni, kenako n'kumangotumiza mauthenga, kenako nambala inasintha, ndipo yatsopanoyo sinafike kuno.

Amene anabweretsa nkhani anali kasitomala wina wodzatenga suti. Anati Kamphepo ali ndi tsamba lakelake pa intaneti. Tsiku lomwelo aNasimbi anazimitsa simbi dzuwa lili paliwombo n'kulowa kwanga, manja akupukuta pa epuloni.

"Anzanga, akuti mlongo wanga ali m'makina anuwa. Tandionetseni."

Analimodi. Zithunzi zake akudula riboni pomaliza mpikisano, zipewa ndi masikipa ogulitsa olembedwa dzina lake, malo ena olembedwa kuti Mbiri Yanga, ndipo pansi penipeni kabokosi koti Ndilembereni. ANasimbi anagwira galasi la kompyuta ndi chala, pa tsaya la mnyamatayo. Ine ndimakalipira aliyense wochita zimenezo, koma tsikulo ndinawasiya.

Kuyambira pamenepo ankabwera Lachisanu lililonse. Maso awo anatha ndi nthunzi ya simbi, choncho iwo ankayankhula, ine n'kumalemba, za ntchito ndi za miyendo yawo yotupa ndi kuimirira. Mayankho ankabweradi, osachedwa n'komwe. "Achemwali anga okondedwa, mawu anu andipatsa mphamvu. Miyendo ija ikupeza bwanji?" Ndikawawerengera ankati ndibwerezenso, kenako n'kubwerera kuntchito akung'ung'udza nyimbo.

Ine mtima sunakhazikike. Ntchito yangayi yandionetsa zambiri: mabwana a makampani opanda ofesi, zibwenzi zopanda nkhope, mphoto za mipikisano imene munthu sanalowe. Ndinafufuza ndekha. Mipikisano yolembedwa patsambalo inkagwirizana ndi za m'manyuzipepala, ndipo nkhope inali yakedi. Koma panalibe adiresi, panalibe foni, panalibe dzina la woyendetsa tsambalo. Mbiri Yanga ija inali yoti ungaveke wothamanga aliyense: umphawi, maloto, khama, basi. Ndipo mnyamatayo ndinkamudziwa ine. Anali wachibwibwi, moni weniweniyo unkachita kumukoka pakamwa.

Ndinawauza kuti woyankhayo sangakhale Kamphepo. Ndine munthu wosasunga mawu m'masaya.

"Chibwibwi chili pakamwa, si pa zala," anandiyankha.

"Nanga bwanji sakupatsani nambala?"

"Watanganidwa. Mumayesa kuthamanga n'kupanga fotokope?"

Zinandiwawa, ndipo mkwiyo ndi umene unandipatsa nzeru yoipa ija. Ndinati timuyese, timufunse za chinthu chimene sichinakhaleko. Iwo anavomera mwamatama, poganiza kuti andichititsa manyazi. Tinalemba kuti: "Ukumukumbukira galu wathu wakuda uja unkathamanga naye?" Kwawo sanawetepo galu. Kamphepo analumidwa ndi galu ali mwana, ndipo ankati akaona ngakhale kagalu koyamwa ankawolokera tsidya lina la msewu.

Yankho linatipeza Lachisanu lotsatira. "Ndingamuiwale bwanji, achemwali! Iye uja ndiye anali mphunzitsi wanga woyamba."

Sananene kuti ndibwereze. Anaimirira, n'kukankhira mpando pansi pa tebulo bwinobwino, n'kutuluka. Madzulo amenewo ndinamva fungo la nsalu yopserera kuchokera kwawo, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire kuyandikana kwathu. Ndinapambana mkangano, koma kunena zoona ndinadzida.

Ndinkayesa kuti basi zathera pomwepo. Koma patapita milungu ingapo ndinangoona alowa, akhala pampando wawo uja.

"Lembani."

"Kulembera ndani, poti mwaona nokha kuti si iye?"

"Ndaona. Koma woyankhayo amagwira naye ntchito limodzi. Mwina amakumana m'khonde. Ndiye asamanene zabodza za mlongo wanga. Muuzeni kuti galu kunalibe."

Ndinalemba. Ndipo sanalekere pa galuyo. Mlungu ndi mlungu ankamuuza mlendoyo za Kamphepo weniweni. Kuti nsapato zake zoyamba zinali za mwana wina amene makolo ake anaziiwala m'thumba la zochapa osabweranso. Kuti ankadana ndi kuthamanga kukuwomba mphepo, ngakhale anamupatsa dzina limenelo. Kuti m'mawa uliwonse iwo ankaima pa mphambano ya kuseri kwa sitolo ya matayala atanyamula botolo la madzi, iye n'kulikwatula akudutsa, osaima, osayang'ana, osathokoza. Pamenepa anaseka okha. "Ndinkabwerera manja ali m'mwamba ngati woberedwa."

Wa kutsidyayo sanavomere kuti si Kamphepo, komanso sanayerekezenso kukumbukira kanthu. Ankangothokoza n'kufunsa za miyendo. Ndinawafunsa aNasimbi ngati sizikuwapweteka kucheza ndi munthu wovala dzina la mbale wawo.

"Inu, chaka chonsechi ndani wina wandifunsapo za miyendo?"

Ngakhale ine woyandikana nawo ndinali ndisanawafunsepo.

Kenako Mbiri Yanga ija inayamba kusintha. Nsapato za m'thumba la zochapa zinalowamo. Za mphepo zinalowamo. Tsamba limene ndinkalinyoza lija linayamba kunena zoona, moti munthu wolifufuza lero sangapeze polikolera. Ndinkalusa ndikaganiza kuti akuwakama mayiwa ngati ng'ombe kuti zipewa ziyende malonda, koma iwo ankangoti bola zikhale zoona.

Lachisanu lina titatsegula tinapeza chithunzi chatsopano, chachikulu, pamwamba penipeni. Mphambano ya msewu m'mamawa, Kamphepo akubwera chapatali, ndipo kutsogolo mayi ataimirira, dzanja atatambasula, botolo lili m'manja. Pansi pake analemba kuti: "Achemwali anga, amene ankandidikira." Mayiyo anali wamtali, wosalala khungu, wa mano oyera ngati a pa chikwangwani cha mankhwala otsukira m'kamwa. Manja ake sanagwirepo simbi.

Ine magazi anawira. Ndinati tilembe pompano, atichotsere chinyengo chimenechi, apo ayi titumize chithunzi chawo chenicheni. ANasimbi sanandimve n'komwe. Anasendeza mpando, nkhope pafupi ndi galasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Sankayang'ana mayiyo. Ankayang'ana mlongo wawo, amene pa chithunzicho anali ataima pa mphambano ya dziko lina, tsiku lina posachedwapa, n'kulola kuti amujambule akuthamangira mlendo.

"Ndiye kuti anawerenga," anatero chapansipansi. "Kapena anamuuza. Wanenepako pang'ono."

"ANasimbi, mayiyu si inu."

"Ndikuona, anzanga, maso anatha koma osati choncho." Analoza mayiyo ndi chala. "Waima bwino. Koma taonani botololo."

Ndinayang'ana. Linali botolo wamba, lodzaza, lotseka ndi chivindikiro chabuluu.

"Munthu akuthamanga alibe nthawi yopotokola chivindikiro. Umatsegula iweyo asanafike, n'kugwirira pansi kuti iye agwire pakati. Akamupatsa chonchi ameneyu samwa, angolitaya." Anapukuta maso ndi ngodya ya epuloni, n'kundikodola pa mkono. "Lembani. Muwauze kuti azimutsegulira."